Azakhali Apita Nawo ku Chilumba

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso chokha. M'nyumba, mumsewu, kugolosale, aliyense ankangoti Azakhali. Anayambitsa ndi mapasa a mlongo wawo atangophunzira kulankhula, kenako anatengera amayi a mapasawo, kenako wowerenga mita ya madzi. Mapeto ake ngakhale mlongo wawoyo, munthu amene anamubereka kumsana ali khanda, naye ankafuula ali kubafa kuti, "Azakhali, malaya anga oyera aja ali kuti?"

Mlongo wawoyo anthu ankamutcha Tayi. Ankagwira ntchito ku ofesi ya inshuwalansi, ndipo tayi sankaivula ngakhale popita kukagula mazira. Nyumba inali yake. Azakhali ankagona m'kachipinda ka kumapeto kwa kolido, komwe kale ankasungiramo katundu. Zenera lake linali lalingono, lapamwamba, loti ufune kuona kunja uyambe wakwera pabedi. Kuseri kwa khoma kunkagona bambo awo, ndipo khomalo linali lopyapyala moti akangotsokomola Azakhali ankakhala atamva kale.

Bambowo anali kalipentala pa nthawi yawo, munthu wa manja olimba amene mipando yake inkatha anthu oikhalira iyo ikadalipo. Koma mutu unawasokonekera. Anayamba ndi kuiwala pomwe aika magalasi, kenako njira ya kumsika, kenako nkhope za ana awo. Masana aliwonse dzuwa likapendeka ankatenga chipewa n'kunena kuti, "Ndaweruka. Ndikupita kunyumba." Ntchito ya Azakhali inali kuwatsekereza pageti, kuwanyengerera, kuwasambitsa, kuwasintha, ndi kuona zinthu zimene mwana wamkazi sayenera kuona pa thupi la bambo ake. Anasiya kalekale kuchita nazo manyazi.

Ali mtsikana analowapo sukulu ya unamwino. Anangophunzira chaka choyamba, mayi awo n'kudwala. Bambo anati, "Bwera udzathandize, ukapitiriza chaka chamawa." Mayi anamwalira, Tayi ali kupulayimale, ndipo chaka chamawacho sichinafike. Anapeza ntchito ku bekale, yokanda ufa, n'kuikonda kuposa mmene ankayembekezera. Anakwatiwapo ndi dalaivala wa lole, koma ukwatiwo unangotha pang'onopang'ono ngati sopo, popanda ndewu, popanda mwana. Mapasa atabadwa Tayi anati, "Bwerani mudzatithandize miyezi ingapo, alamu anu abwerere kuntchito." Mapasawo tsopano ankasoka okha mabatani a yunifolomu. Miyezi ingapoyo inali isanathe.

Ndiye kunabwera foni. Anaimba ndi mnzawo wa ku bekale kuja, mayi amene ankamutcha Yisiti chifukwa chofufuma msanga akapsa mtima. Anali atatsegula bekale yakeyake m'tauni ina yakutali.

"Ndikufuna manja ako, mnzanga," anatero Yisiti. "Atsikana ndili nawowa buledi wawo ukhoza kumangira nyumba. Kuseri kwa uvuni kuli chipinda, chili ndi zenera lalikulu ndi loko wakewake. Koma usandichedwetse. Mwezi uno ukatha ndifuna wina."

Azakhali anasunga nkhaniyo mumtima ngati khala lamoto. Ankati anene m'mawa, Tayi ali pa liwiro. Ankati anene madzulo, Tayi watopa, maso ali pa wailesi yakanema. Ndiye tsiku lina Tayi anabwera akumwetulira, foni ili m'manja.

"Taonani malo awa. Chilumba chabata cha pa nyanja yamchere, chopanda phokoso, madzi ake osaya, mwana akhoza kuyenda mtunda wautali madzi akulekeza m'mawondo. Loweruka tonse tikupita, ndi Ababa omwe. Nanunso Azakhali mukapumeko, mwatopa."

Azakhali anati mumtima, ndikanena kumeneko. Munthu amene wakhuta mphepo ya kunyanja sakana zinthu msanga.

Kupumako kunayamba mbandakucha ndi kuwiritsa mazira, kukazinga nkhuku, kudzaza mafulasiki. Chikwama cha bambo chokha chinali katundu: matewera a akulu, mapilitsi, mathalauza osinthira, thaulo, kapu yawo ya pulasitiki imene popanda iyo sankamwa chilichonse. M'chikwama chawo Azakhali anaikamo mpango ndi foni.

Padoko anawaveka majekete oyandamitsa, onunkha mchere ndi thukuta la anthu ena. Woyendetsa boti anali bambo wa mimba yaikulu ndi mawu osasa.

"Tamverani nonse! Masana madzi amaphwa, boti silifika kugombe la uko. Lobwerera ndi lamadzulo, madzi akadzaza. Amene wasiya mbaula yoyaka kunyumba atsike pompano."

Anthu anaseka. Azakhali anagwira dzanja la bambo awo, amene ankayang'anitsitsa matabwa a benchi n'kumapukusa mutu. "Misomali yokhayokha," ankang'ung'udza. "Wopanga ichi sanaphunzire ntchito."

Chilumbacho chinalidi monga pa foni paja. Mchenga woyera, wosalala ngati ufa wosefa. Madzi obiriwira, oonekera mpaka pansi, opanda mafunde, akungonyambita gombe mwaulesi. Ana ang'onoang'ono ankakhala pansi m'madzimo akumenya ndi timafosholo, amayi awo ataimirira chapafupi, masiketi atawakwinyira m'mwamba. Panalibe wailesi, panalibe woledzera. Chakumtunda kunali mzere wa tizisakasa ta mthunzi, ndipo Tayi anasankha ka kumapeto.

"Apa ndiye pabwino. Ababa akhale pampando apa. Azakhali, tisungireni mafoniwa ndi makiyi a galimoto."

Mapasa anali atathamangira kale m'madzi. Mayi awo anavula nsapato, n'kuziika pafupi ndi mapazi a Azakhali. Tayi anatulukira atavala kabudula wamaluwa, miyendo yake yosaonapo dzuwa ili mbuu, ndipo mkazi wake anati, "Mwaiwala tayi, bambo." Onse anaseka, ndi Azakhali omwe. Ataona kuti mlongo wawo wasangalala anati:

"Achimwene, pali kankhani kena."

Kale ankamuti iwe. Anayamba kumuti inu tsiku limene analowa m'nyumba yake.

"Nkhani pa holide? Idikire kaye. Tatijambulani, dzuwa lisanakwere."

Anawajambula anayiwo atakumbatirana, madzi ali m'akakolo. Kenako anabwerera kukasakasa kaja n'kukhala pa bokosi la zakumwa, zikwama zitawazungulira. Nyanja inali pomwepo, koma pakati pa iwo ndi madzi panali bambo, mafoni ndi makiyi. Anasenda dzira, n'kuwadyetsa bambo pang'onopang'ono. Anawapititsa kuchimbudzi, mayi wina wapakhomo pamenepo n'kuwayang'ana modabwa poona akulowa mbali ya amuna. Anabwerako. Mapasa anabwera kudzamwa madzi, n'kusiya matawulo onyowa pamiyendo yawo. Amayi ena a pa kasakasa koyandikana anati, "Mayi, poti mwakhala kale, mutiyang'anireko kachikwamaka." Azakhali anavomera ndi mutu.

Chakumasana nyanja inayamba kuthawa. Sanaione ikuchoka, anangozindikira kuti pomwe ana ankasewera paja tsopano ndi mchenga wonyowa wa mizeremizere, ndipo madzi ali kutali, akung'anima ngati lata. Maboti ang'onoang'ono anagona cham'mbali pamchenga. Tinkhanu tinatuluka m'maenje. Banja linadya, ndipo Tayi ndi mkazi wake anayala nsalu pamthunzi wa mtengo n'kugona. Mapasa anapita kukatola zigoba za nkhono ndi ana anzawo.

Dzuwa litapendeka bambo anafufuza chipewa.

"Ndaweruka. Ndikupita kunyumba."

Pano panalibe geti loti atseke. Azakhali anayang'ana mafoni, anayang'ana mlongo wawo amene ankaliza mkonono kukamwa kuli yasa. Anaphimba zikwama ndi thaulo, anavula nsapato zawo ndi za bambo, n'kunena kuti, "Tiyeni ndikuperekezeni."

Bambo sanalowere kumtunda. Analunjika kunyanja.

Mchenga unali wofunda, wolimba, ukutekenya kumapazi. Anadutsa m'timadzi totsalira, tofunda ngati tosambitsira khanda, momwe tinsomba tinkathawa mithunzi yawo. Azakhali anali asanapondepo m'nyanja chibadwire. Anayenda, nayenda. Mawu a ana anachepa kumbuyo mpaka kuzimiririka. Bambo, amene kunyumba ankakhwekhwereza mapazi pakolido, kuno ankaponda ngati munthu wodziwa kumene akupita. Anawoloka kakhwawa kosaya, madzi olekeza m'akakolo, n'kukwera pa kamtunda ka mchenga kotalika ngati msana wa ng'ombe. Kutsogolo kwake kunali madzi okhaokha mpaka kumene amakumana ndi thambo.

Azakhali anaima. Kwa zaka zambiri maso awo anali asanaonepo patali chotero popanda kugunda khoma. Mphepo inawalowa m'diresi. Palibe ankawaitana. Anapuma mpweya wambiri mpaka chifuwa kupweteka.

Bambo anakhala pansi, n'kuyamba kusalaza mchenga ndi chikhatho ngati akuyesa thabwa.

"Mayi a ana," anatero, osatukula mutu. Masiku ena ankawayesa malemu mkazi wawo. "Mtsikana uja walemba kalata?"

"Mtsikana uti, Ababa?"

"Wathu uja. Wa ku sukulu ya anamwino. Usamuitanitse ayi, ngakhale udwale. Ndidzakusamala ndekha. Mwana uja ali ndi mutu, asiyeni aphunzire."

Azakhali anakhala pansi pambali pawo, diresi n'kunyowa. Anafuna kunena kuti munamuitanitsa ndinu, munalemba ndi dzanja lanu lomweli. Koma akanauza ndani? Munthu amene anachita zimenezo anali atachoka kale m'thupi limeneli. Anangoti, "Chabwino, sindimuitanitsa."

"Eya. Akamaliza ndidzamupangira kabati ya magalasi."

Anakhala choncho nthawi yaitali. Azakhali analira pang'ono, mopanda phokoso, kenako anasiya, n'kumangoyang'ana mbalame zoyera zikujompha m'matope. Anayeserera pakamwa mawu oti akamuuze Tayi. Achimwene, ndapeza ntchito. Achimwene, mwezi ukatha ndikupita. Kunoko mawuwo ankatuluka mosavuta.

Chimene chinawadzidzimutsa ndi kuzizira kumatako. Madzi anali atabwerera mwakachetechete, osati kuchokera kutsogolo kokha komanso cham'mbali ndi kumbuyo. Kakhwawa kaja kanali katasanduka mtsinje wotakata, ndipo kamtunda kawo kankachepa akuona. Kutali kugombe kunamveka wezulo, ndipo timithunzi ta anthu tinkabayibitsa manja.

"Ababa, tiyeni tizipita."

"Ndafika kale."

"Madzi akubwera. Dzukani."

"Ndati ndafika. Pano ndi pakhomo panga."

Anawakoka mkono, koma manja a kalipentala, ngakhale okalamba, anali akadali ndi mphamvu. Anakumba zidendene mumchenga n'kuuma gwa. Azakhali anayesa kuwanyengerera ndi tiyi, anayesa kuwauza kuti kasitomala akudikira mpando wake, mabodza onse amene ankagwira ntchito pageti. Madzi anafika m'akakolo, kenako anaphimba miyendo ya bambo amene anali chikhalire. Chipewa chinagwa n'kuyamba kuyandama. Azakhali anayang'ana kugombe. Okha akanatha kuwoloka, madzi akanawalekeza m'chiuno basi. Ganizo limenelo linawadutsa m'mutu, loonekera bwinobwino, ndipo anachita nalo mantha kuposa madziwo. Anagwada kumbuyo kwa bambo awo n'kuwakumbatira pachifuwa kuti mutu usapendekere m'madzi.

Anafika anthu awiri akukhuvula madzi: mlonda wa pagombe, wovala malaya ofiira, akukoka kabwato ka pulasitiki, ndi Tayi kumbuyo kwake akupuma mwawefuwefu.

"Musaope, mayi," anatero mlondayo. "Pano sipamiza munthu woimirira. Koma agogowa atakhala pansi chonchi ndiye ayi. Tiwakweze umu."

Tayi anawagwira bambo m'khwapa. "Ababa, dzukani! Mukutichititsa manyazi!"

Bambo anatembenuka n'kumumenya chibakera pakamwa. "Wakuba! Mayi a ana, wakuba walowa m'nyumba!"

Tayi anagwa chagada m'madzi, nadzuka mlomo ukutuluka magazi. Mlonda anayesa naye, bambo n'kuyamba kukuwa ndi kuponya miyendo. Ndiye Azakhali anati, "Tabwererani m'mbuyo nonse. Asakuoneni." Anaika pakamwa pafupi ndi khutu la bambo n'kulankhula motsitsa, ndi mawu a malemu mayi awo, mmene ankaitanira mwamuna wawo ku shedi yopalira matabwa: "Bambo a ana, denga likudontha. Tiyeni tikagone kwa aneba, mukonza mawa."

Bambo anayang'ana madzi owazungulira. "Ndinanena ine kuti malata awa ndi achabe," anatero. Anagwira dzanja la mwana wawo, nadzuka, nalola kukwezedwa m'kabwato. Njira yonse sanalisiye dzanjalo. Azakhali ankayenda pambali, madzi ali m'chiuno, diresi ikuwakulunga miyendo.

Kugombe anthu anawomba m'manja. Mapasa ankalira. Amayi a kachikwama aja anati, "Komatu ndinakusiyirani katundu wanga," kenako anachita manyazi n'kubweretsa thaulo. Azakhali anawapititsa bambo kuseri, anawavula, anawapukuta mchenga m'mapindikiro onse a khungu, anawaveka zouma. Iwo eni analibe chosinthira.

Tayi anadikira mpaka atakwera boti lamadzulo. Anakhala moyang'anizana nawo, kansalu kali pamlomo. Azakhali ankayembekezera kukalipiridwa, koma iye analankhula mofatsa, ndipo zimenezo zinali zoipa kuposa.

"Lero ndaona ndi maso anga. Ababa sandidziwa ine. Amamvera inu nokha. Popanda inu, Azakhali, sindikudziwa kuti tikanatani." Maso ake anali ofiira. "Paja mumati pali nkhani?"

Injini inkalira. Bambo anali atagona, mutu uli paphewa la Azakhali. Mawu aja anali akadali pakamwa, ndipo anawatulutsa asanawameze.

"Ndapeza ntchito ku bekale ya mnzanga. Kutali. Akufuna ndipite mwezi uno usanathe."

Tayi anachotsa kansalu pamlomo. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana bambo, kenako anaseka pang'ono ngati wamva nthabwala yosamveka bwino.

"Pa msinkhu wanuwu? Kukanda ufa? Kodi kunyumba mukusowa chiyani? Ngati ndi chipinda, tikhoza kukulitsa zenera lija."

"Si zenera, achimwene."

"Tikambirana tikafika. Pano pali anthu."

Sanakambirane. M'mawa mwake Tayi anapita kutchalitchi msanga, Lolemba kuntchito. Amene anabwera ndi mlamu wawo, mayi a mapasa, Azakhali akuchapa zovala zamchere zija kuseri kwa nyumba. Anakhala pa chidebe chovundikira, n'kuyamba kuwathandiza kufinya.

"Alamu, ine sindikunamizani," anatero. "Mukapita, wosiya ntchito ndine. Achimwene anuwo sadzagwira thewera, mukuwadziwa. Ndipo Ababa sadzandilola n'komwe kuwayandikira. Sindikuti musapite. Ndikanakhala ine ndikanapita kalekale. Ndikungokuuzani kuti ndikuopa."

Azakhali anamuyang'ana. Sanali mkazi woipa. Ankadzuka m'mamawa, ankaima tsiku lonse pa kauntala ya sitolo ya mankhwala, ankabwera miyendo itatupa. Akanakhala woipa zikanaphweka.

Anagwirizana zoyesa. Anapeza mayi wina wodziwa kusamala odwala kuti azibwera masana, Azakhali azimuphunzitsa. Tsiku loyamba bambo anakana kudya. Lachiwiri anamuponyera kapu ya tiyi wotentha. Mayiyo anapirira sabata yonse, kenako anati, "Pepani, ndili ndi ana, sindifuna kufera pano," n'kutenga chikwama chake. Anabwera wina, bambo wamphamvu zake amene anagwirapo ntchito kuchipatala. Koma bambo awo ankamuyesa wapolisi, ndipo ankabisala kuseri kwa chitseko akunjenjemera mpaka kudzinyowetsa. Azakhali ndi amene anamuuza kuti asabwerenso.

Mwezi utatsala pang'ono kutha anamuimbira Yisiti.

"Undidikireko pang'ono, mnzanga. Zinthu zikakhala bwino kuno..."

"Zikakhala bwino liti? Ukudikira maliro, ungonena." Yisiti anafufuma monga mwa dzina lake, analalata, kenako mawu anatsika. "Iwe, ndiwe chitsiru cha Mulungu. Ndilemba wina. Koma ukadzamasuka udzabwere, ngakhale uli ndi ndodo."

Tayi anachita zimene anaona kuti n'zothandiza. Anaitana wowotcherera zitsulo kudzakweza geti, n'kugula loko wamkulu. Kiyi mmodzi anaika pa makiyi a galimoto, wina anapatsa Azakhali, amene anamumanga pa chingwe n'kumuvala m'khosi. Mlamu wawo anayamba kubwera msanga Lachinayi kuti Azakhali azituluka pang'ono. Ankapita kumsika, n'kuzungulira osagula kanthu, n'kubwerera nthawi isanakwane, chifukwa ankadziwa kuti bambo ali pageti akugwedeza zitsulo.

Bambo akadali moyo, ndipo thupi lawo ndi lolimba. Adokotala amati mtima wawo ndi wa mnyamata. Azakhali imvi zafika mbali zonse ziwiri, ndipo dzanja lamanja limachita dzanzi m'mawa. Tsiku lina posachedwapa anawakhazika bambo pakhonde kuti awamete ndevu. Anawapaka thovu, n'kuyamba kupala mosamala pansi pa chibwano. Bambo ankawayang'anitsitsa ndi maso aulemu, a munthu amene ali pakati pa alendo.

"Mumagwira ntchito bwino, mayi," anatero. "Mwakhalitsa pano?"

"Ndakhalitsa."

"Kwanu kuliko?"

"Kuliko."

"Muzipitako nthawi zina. Mabwanawa akakuzolowerani sakupatsani tchuthi, mpaka mutapempha."

"Ndamva, bambo. Tatukulani mutu, ndingakuchekeni."

Anatukula mutu. Azakhali anatsuka lezala m'kapu, n'kupitiriza tsaya linalo.